Phula pa Mpando wa Apongozi

Galimoto ndinaigula kwa mzungu wina wa ku mgodi amene ankabwerera kwawo, m'zaka zija azungu ankachoka m'Kabwe mmodzimmodzi. Inafika m'manja mwanga ili kale nkhalamba. Injini inkatsokomola m'mawa uliwonse, chitseko chimodzi chinkatsegulidwira kunja kokha, koma mipando yake inali yachikopa chenicheni, chofiirira, ndipo ndinganame nditati sindinaigulire mipandoyo. Ndinali kalaliki ku njanji, ndipo ndinkaona kuti kalaliki wokhala pachikopa ndi munthu wina.

Ulemu umenewo sunakhalitse. Zinthu zitayamba kusowa m'masitolo, galimoto ija inasanduka ngolo. Loweruka ndinkapita nayo cha ku Mpima kukatenga makala, kabichi, nthawi zina nkhuku, ndipo tsiku lina mbuzi ya mnansi wathu inakwera kumbuyo ngati bwana. Chikopa chinada, chinauma, n'kuchita ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Ine ndinangoyala masaka pamwamba n'kusiya kuyang'anako.

Mkazi wanga kwawo n'ku Petauke. Ine ndinabadwira m'Kabwe momwemo, pakuti bambo anachoka ku Malawi ali mnyamata kudzagwira ntchito mumgodi, osabwereranso. Pokwatira ndinachita kupempha chitengwa, kuti abale ake andilole kukhala naye kutauni m'malo moti ine ndikakhale kwawo. Anavomera monyinyirika. Tsono mkazi wa chitengwa ndi wobwereka. Eni ake akamva kuti akuvutika amadzamutenga, ndi ana omwe, chifukwa ana ndi a kuchikazi.

Mayi wina wa m'mudzi mwawo anabwera kudzaona mwana wake ku Natuseko, ndipo anapeza mkazi wanga pamzere wa ufa. Masiku amenewo aliyense ankaima pamzere, ndi akazi a mabwana omwe. Koma mayiyo atabwerera kumudzi anakalengeza kuti mtsikana wawo waonda ngati bango, akupempha ufa mumsewu mwana ali kumsana, pamene mwamuna wake akungozungulira pagalimoto yonunkha mbuzi. M'bodza lonselo choona chinali chimodzi, cha mbuzi. Pasanapite nthawi uthenga unatipeza wapakamwa: apongozi akubwera pamodzi ndi mlongo wawo, mwini mbumba, kudzaona okha. Akapeza kuti n'zoona, abwerera ndi mwana wawo ndi mdzukulu.

Ndinafunsa mkazi wanga ngati angapitedi. Anali akuyamwitsa, ndipo sanadzutse mutu.

"Amayi akakamba kuti tiye, nizachita bwanji?" anatero. "Ine sinifuna kuyenda. Koma siningakanile amayi pamodzi na amalume."

Ndinamenyetsa chitseko n'kutuluka panja, koma mkwiyo wonsewo unali mantha okhaokha. Kamwana kathu kanali katangoyamba kukwawa. Ndinkaopa kuweruka kuntchito tsiku lina n'kupeza m'nyumba muli zii.

Nyumba yathu ya ku Ngungu mkazi wanga anaikolopa mpaka kuseri kwa kabati. Ufa tinaupeza. Chinatsala ndi galimoto, pakuti ndiyo inkayenera kukawalandira kusiteshoni, ndipo mlendo amaweruza mlandu ndi chimene wayamba kuona.

Ndinachotsa masaka aja. Pansi pake panali nthenga, zitosi zouma, fumbi la makala, ndi chipeso cha mkazi wanga chimene tinakanganirana chaka chatha. Sopo ankasowa kuposa nyama, koma mkazi wanga anandidulira kachidutswa pamtanda umene ankabisa m'sutikesi. Ndinatenga madzi ofunda ndi kansalu kofewa, n'kumapaka thovu lokha pang'onopang'ono, ndipo m'misoko ndinkakolokosa ndi mswachi wakale. Madzi a m'beseni ankada ngati a m'ngalande. Mtundu wofiirira uja unayamba kusuzumira, ine n'kuyamba kuimba mluzu. Koma mipando itauma ndinagwira pakamwa. Chikopa chinali chitauma gwa, ndipo ming'alu yonse inayera mbee, yooneka kuchokera kumsewu. Ndinazindikira kuti litsiro lija ndilo linkandisungira chinsinsi.

Ndinathamangira kutauni kukafunsa mankhwala a chikopa. Mwini sitolo anandiyang'ana ngati wamisala.

"Mafuta yophikira kulibe," anatero, "iwe ufuna mafuta ya mpando?"

Mnansi wathu wa mbuzi uja anati ndipake polishi ya nsapato. Mkazi wanga anati ndikangoyerekeza, chitenje cha amayi ake n'kuda kumbuyo, mtolo wake amanga yekha osadikira kuuzidwa.

Ndi pamene bambo anatulukira. Anali atapuma ntchito, akukhala ndi mlongo wanga kuseri kwa msika. Pakati pa Amalawi a m'Kabwe ankadziwika ndi ng'oma. Ankasema okha, kukunga okha, ndipo paukwati kapena pamaliro anthu sankayamba iwo asanafike. Anazungulira galimoto manja ali kumbuyo, n'kugogoda mpando ndi chala.

"Ng'ombe iyi yafa kawiri," anatero. "Kachiwirika yafa ndi ludzu. Iwe wasambitsa chikopa osachidzoza? Amako ankakusambitsa n'kukusiya wotuwa?"

"Atate, iyi si ng'oma. Ni mpando wa motoka."

"Chikopa n'chikopa. Ng'ombeyo inkadziwa kuti ikupita kugalimoto?"

Ndinalibe nzeru ina. Anabwerera kwawo n'kubwera ndi botolo la mafuta a nsatsi, chibuma cha phula la njuchi, ndi kachidutswa ka chikopa cha mbuzi. Galimoto anati tiikankhire pansi pa mtengo wa mango, chifukwa dzuwa limaphika chikopa. Mafuta anawafunditsa m'kachitini, n'kundionetsa kapakidwe kake: ndi chikhatho, mozungulira, osathira ambiri. Atandionetsa anakhala pachitsa n'kumandilamula. Ndinapaka mpaka mapewa kuwawa. Chikopa chinkamwa mafutawo ukuona, ndipo m'mawa mwake chinkafunanso ena. Tinachita choncho masiku angapo, mpaka chinafewa n'kuyamba kubwerera ukachidina ndi chala.

Kenako inafika ntchito imene bambo sankalola munthu wina kuigwira. Anasungunula phula pambaula, kusakaniza ndi timafuta pang'ono, n'kumalimata mumng'alu uliwonse ndi kumbuyo kwa supuni, monga ankachitira ndi ng'oma zawo. Pamene panang'ambika anaika chigamba cha chikopa cha mbuzi chamkati n'kusoka ndi ulusi wopaka phula. Luso lawo lonse analithera pampando wa kumbuyo kwa dalaivala. Pamenepo ndi pamene apongozi ankayenera kukhala, pakuti mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, ndipo m'galimoto malo obisika ndi kuseri kwa nkhongo yake.

"Apa ngakhale nyerere singapeze polowera," anatero akupukuta manja. "Tsopano asakhalepo munthu mpaka alendowo. Chikopa chigone."

Ndisabise, mipando inawala. Anansi ankabwera kudzasuzumira pawindo, ine nditaima pambali ngati ndakonza ndekha. Lamulo la bambo ndinalisunga. Mkazi wanga atafuna kuyesa kukhalapo ndinamukalipira.

Sitima inafika masana, itachedwa monga mwa masiku onse. Mwana tinamusiya kwa mlongo wanga chifukwa anali ndi chifuwa. Apongozi anatsika poyamba, mayi wamfupi wathupi lake, atavala chitenje chatsopano, nkhope yomanga. Pambuyo pawo panali amalume a mkazi wanga, bambo wowonda wachipewa, amene anayamba kulankhula phazi lisanafike pansi. Ine ndinanjuta chapatali n'kuwomba m'manja, moni wanga n'kudzera mwa mkazi wanga. Titafika pagalimoto amalume analowetsa mutu, n'kununkhiza mbali zonse.

"Nanga mbuzi ili kuti?" anafunsa, ngati munthu amene wamanidwa kanthu.

Anakhala kutsogolo pambali panga. Mkazi wanga analowa kumbuyo mbali inayo. Ine ndinakhala pachiwongolero maso ali kutsogolo. Apongozi anakonza chitenje, anatembenuka, n'kudzitsitsa pampando ndi thupi lawo lonse.

Pfwiiiiii-pu!

Phokosolo linali lalitali, lokhala ndi mchira, ndipo panalibe munthu wokhala ndi makutu amene akanalitcha dzina lina. M'galimoto munagwa bata. Kwathu chiphwisi chikapulumuka pakati pa akuluakulu, amakalipira mwana kapena kuthamangitsa galu, nkhani n'kuthera pomwepo. Umu munalibe mwana, munalibe galu. M'kagalasi ndinaona maso a mkazi wanga atatong'oka. Ine ndinakhulupirira ndithu kuti ulendo wautali wawapweteka apongozi m'mimba. Ndinadziwanso kuti mayi amene wachita manyazi otere pamaso pa mkamwini, tsiku loyamba, sangagone kawiri m'nyumba mwake. Anyamuka m'mawa, ndipo sanyamuka yekha.

"Pepani makolo," ndinatero mokweza. "Ni ine. M'mimba simuli bwino."

Amalume anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anatsitsa windo.

"Palibe kanthu, akamwini. Ni vochitika."

Msewu wa ku Ngungu masiku amenewo unali maenje okhaokha. Dzenje loyamba, galimoto inadumpha, apongozi anakwera m'mwamba n'kubwerera pampando. Pwii! Ndinapepesa. Dzenje lachiwiri linatulutsa lalifupi lokwera kumapeto, ngati likufunsa funso. Ndinapepesanso. Ndinayesa kuyenda pang'onopang'ono, koma phokoso linkangotalika. Ndinayesa kuthamanga, ndiye linkabwera motsatizana ngati njinga yamoto.

Tisanafike patali ndinali nditazindikira chimene chikuchitika. Kale mpando uja unkapumira m'ming'alu yake yambirimbiri, mwakachetechete. Bambo anatseka yonse ndi phula, kupatula kampata kamodzi kunsi kwa msoko, pamene panali kalilime ka chikopa cha mbuzi. Mpweya wonse unkatulukira pamenepo. Ndinawapempha mpando, iwo anandikonzera lipenga. Koma ndikanati chiyani? Kunena kuti ndi mpando kunali kuloza kumene phokoso likuchokera, ndipo linkachokera pamalo pamene mkamwini saloledwa ngakhale kupaganizira. Mlandu ndinali nditauvomera kale, ndipo ndinayenera kufa nawo.

"Akamwini," anatero amalume, chipewa atachigwira pamphuno, "munadya chani?"

"Nyemba, amalume."

"Awe. Nyemba chabe sizingachite so. Apa pali na kabichi." Kenako anatembenukira kumbuyo kwa mlongo wawo. "Koma va njala vija ni boza. Munthu wa njala sangakwanise ivi."

Mkazi wanga anali ataluma nsonga ya mpango wake, mapewa akugwedezeka, ndipo ndinalumbira mumtima kuti tikafika kunyumba tikambirana.

Pamene msewu umadutsa njanji tinapeza atatseka, sitima ya katundu ikudutsa. Tinaima. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha mpumulowo, thukuta likutsika m'khosi. Mabogi ankangodutsa osatha. Ndiye panamvekanso kena, kakang'ono, kofatsa. Pakamwa panga panali patazolowera kale.

"Pepani makolo, ni ine futi."

Amalume anatulutsa mutu wonse pawindo, ndipo sanaubweze mpaka tinafika pakhomo.

Alendo anakhala nafe pafupifupi sabata. Apongozi anavundukula thumba la ufa, anatsegula miphika, anafinya timikono ta mdzukulu wawo kuona ngati muli mnofu, koma za chimene anabwerera sanatulutse liwu. Amalume ndiwo anandipeza ntchito. Anakakumba mizu kuthengo la kuseri kwa manyumba, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ankandidikira pakhomo ndi kapu ya madzi owawa ngati ndulu. Ankaimirira pomwepo mpaka nditamaliza. Mizu imeneyo ndiyo inanditsegula m'mimba zenizeni. Ankafotokozeranso aliyense wobwera kudzapereka moni za matenda anga, motsanzira ndi pakamwa, mwakuti ana a mumzere mwathu ankati akandiona n'kuyamba kuliza milomo.

Ndinapita kwa bambo nditafufuma ndi ukali. Anamvetsera nkhani yonse osaseka, anabwera kudzaona, n'kudziponya pampando uja. Mpando unalira. Anapendeketsa mutu, ananyamuka, n'kukhalanso.

"Koma mawu ake ndi abwino," anatero.

"Atate, ukwati wanga ukutha!"

"Ukwati sutha ndi mphepo, iwe." Anatulutsa kampeni, anagwada, n'kuboola timabowo kunsi kwa mpando kumene sikuoneka. Atakhalaponso unangopuma mwakachetechete. Anachoka akudandaula kuti ndawaonongetsa ntchito yabwino.

Tsiku lonyamuka linafika apongozi asananene kanthu. Ndinakokera amalume pambali n'kuwafunsa. Kwa nthawi yoyamba anasowa mawu ambiri.

"Ine naona ufa, naona mwana ali bwino," anatero. "Koma tauni ni yolimba, na imwe ndimwe odwala. Mau ali na amake."

Mkazi wanga anamanga mtolo wa zovala zake ndi za mwana, poti sakanayembekeza kuti akauzidwe kusiteshoni alibe kanthu m'manja. Mtolo umenewo ndinaunyamula ndekha kukauika m'buti. Ulendo wa kusiteshoni mpando sunalire ngakhale kamodzi, amalume n'kumayamikira mizu yawo njira yonse. Ine ndinkalakalaka utangolira, kuti mwina wina aseke. Mwana ankasewera ndi khutu langa kuchokera kumbuyo, ndipo sindinathe kutembenuka.

Pasiteshoni ndinatsitsa katundu yense n'kumuika pansi, kenako ndinaima chapatali monga mwa mwambo. Apongozi anawerenga mitolo yawo ndi maso. Atafika pa wa mkazi wanga anaukankha ndi phazi.

"Uyu wabwela kuchita chani kuno? Bweza mu motoka."

Mkazi wanga anawerama kuti aunyamule. Amayi ake anamukoka dzanja n'kumunong'oneza kanthu kukhutu, nthawi yaitali ndithu. Kenako apongoziwo anachita chimene sanachitepo chikwatirire ine: ananditembenukira n'kundiyang'ana m'maso. Sanamwetulire. Anangogwedeza mutu kamodzi n'kukwera sitima. Amalume anandipatsira mizu yotsala pawindo, n'kundilangiza kuti ndisadumphitse.

Pobwerera mkazi wanga anakhala kumbuyo ndi mwana, pampando womwe uja. Tisanapite patali ndinalephera kupirira.

"Anali kukuuza chani amayi?"

Anayamba kuseka, misozi ili m'masaya. "Akuti mpando anauziba kuchokela pa siteshoni pomwe. Munthu sangalephele kuziba chamene akhalila. Akuti mimba yanu ilibe mulandu, mizu mutaye."

"Nanga bwanji sanakambe? Sabata yonse nakhala nikumwa ndulu!"

"Akanakamba bwanji kuli akamwini?" Anapukuta m'maso ndi mpango. "Akuti vonse vija vinali va mpando, kuchotsako kamozi. Kaja ka pa njanji, motoka itaima, kanali kao."

Ndinamuyang'ana m'kagalasi.

"Akuti pamene paja anafuna kufa na nsoni, chifukwa motoka siinali kuyenda, aliyense akanaziba. Koma imwe simunachedwe. Akuti mwamuna wamene anyamula ka apongozi ake, mwana wao sangamutaye panjila."

Ndinaimitsa galimoto pambali pa msewu chifukwa sindinkaonanso kutsogolo. Ndinaseka mpaka kutsamira chiwongolero, ndipo kusekako kutatha ndinapeza kuti ndikulira, pakuti mantha a masiku onse aja anali atandichoka nthawi imodzi. Mwana anadabwa n'kuyamba kulira nawo. Mkazi wanga anandipatsira mwanayo kutsogolo, ndipo ndinamukhazika pamiyendo, timanja take tili pachiwongolero. Tinapita kunyumba choncho, pang'onopang'ono, tikulowa m'dzenje lililonse.